Zithunzi zosiyana, dzina limodzi: chochita IMG_0457 ikabweranso

Mukukopera zithunzi kuchoka pa khadi la kamera kupita mu kompyuta, kenako Windows ikuima n'kunena kuti mufoda mukuthiramoyo muli kale fayilo yotchedwa IMG_0457.JPG. Ikukupatsani zosankha zitatu: Replace the file in the destination, Skip this file, ndi Compare info for both files. Ziwiri zoyambazo zonse zikhoza kukutayitsani chithunzi. Mukadina Replace, chithunzi chakale chimalembedwa pamwamba ndi chatsopano, ndipo sichipita mu Recycle Bin ayi, chimangosowa. Mukadina Skip, chatsopano chimatsala pa khadi, ndiye mawa mukafomata khadilo pokonzekera ntchito ina chimapita nacho. Choipa kwambiri n'chakuti palibe chimakuchenjezani. Vuto limadzaoneka patapita miyezi, kasitomala akabwera kudzafuna chithunzi cha chinkhoswe chake inu n'kupeza kuti pa nambala yomweyo pali mpira wa ana asukulu.

Choncho uthenga umenewu ukabwera, tsekani bokosilo osasankha kalikonse, pangani foda yatsopano yopanda kanthu, n'kukoperamo khadi lonse. Zosanja zibwere pambuyo. Ngati mwakakamizika kuthira mufoda yomweyo, dinani chachitatucho n'kuchonga mbali zonse ziwiri. Windows isunga zonse, chatsopanocho ichiwonjezere (2) kumapeto kwa dzina. Pa Mac batani lake ndi Keep Both. Koma a Mac chenjerani ndi mafoda: foda ya 100CANON, imene kamera ya Canon imapanga pa khadi, mukaiponya pamene pali 100CANON ina n'kuvomera Replace, Finder, pulogalamu ya mafayilo ya pa Mac, imachotsa foda yakale yonse ndi zonse zili m'menemo, pamene Windows imangophatikiza mafoda awiriwo n'kufunsa za mafayilo okhawo ofanana mayina.

Chifukwa chimene mayina amabwerezera

Makamera pafupifupi onse amatsatira lamulo limodzi lotchedwa DCF, limene makampani a ku Japan anagwirizana mu 1998 kuti khadi la kamera ina lizitha kuwerengedwa ndi makina ena. Lamuloli limati pa khadi pakhale foda ya DCIM, m'kati mwake mukhale mafoda a manambala kuyambira 100 mpaka 999, ndipo dzina la chithunzi likhale ndi zilembo zinayi zotsatidwa ndi manambala anayi, kuyambira 0001 mpaka 9999. N'chifukwa chake Canon imalemba IMG_0001, Nikon DSC_0001, Sony DSC00001, Fujifilm DSCF0001. Mukasintha mtundu wa utoto kukhala Adobe RGB, chilembo choyamba chimasanduka kamzere kam'munsi: _MG_0001 pa Canon, _DSC0001 pa Nikon ndi Sony, kutanthauza kuti pamenepo Nikon ndi Sony zikulemba mayina ofanana ndendende.

Dzina limeneli si dzina kwenikweni, ndi nambala yowerengera basi, ngati timapepala ta pamzere kubanki timene timayambiranso pa 1 m'mawa uliwonse. Pa khadi sizisokoneza chifukwa kamera ikafika 9999 imatsegula foda ina, 101CANON, n'kuyambiranso pa 0001. Chisokonezo chimayamba inu mukatulutsa zithunzi m'mafoda amenewo n'kuzithira pamodzi. Wojambula maukwati amene amabwerako ndi zithunzi 1,500 pa ukwati umodzi amamaliza manambala onse asanakwanitse maukwati asanu ndi awiri. Pa nyengo ya maukwati ndiye kuti miyezi iwiri yokha IMG_0457 yabweranso.

Kuzungulira kwa 9999 ndi njira imodzi chabe. Kawirikawiri wolakwa ndi menyu ya kamera. Ikakhala kuti yaikidwa kuti iziyambiranso, nthawi iliyonse mukafomata kapena kusintha khadi imabwerera pa 0001, ndiye ntchito iliyonse imakhala ndi IMG_0001 yakeyake. Njira ina ndi makamera awiri a kampani imodzi pa mwambo umodzi, wina kutsogolo kwa tchalitchi wina kumbuyo. Ina, imene ambiri saidziwa, ndi kubwerekana makhadi: kamera imayang'ana nambala yaikulu imene ili pa khadi n'kupitiriza pamenepo. Kamera yanu ikakhala pa 2300, inu n'kuikamo khadi la mnzanu limene lili ndi IMG_9950, imalumphira pa 9951, ndipo pakangotha zithunzi makumi asanu yazungulira kale n'kuyamba kubwereza manambala amene munajambula mwezi watha.

Zokonza mu kamera

Pa Canon pitani pa File numbering musankhe Continuous, osati Auto reset. Pa Nikon ndi File number sequence, ikhale On. Ma Nikon akale monga D3200 ndi D5100 amachoka kufakitale ali pa Off, ndiye amene anagula yakale kwa munthu ayang'ane lero lomwe. Pa Sony ndi File Number, musankhe Series. Pa Fujifilm ndi Frame No., musankhe Continuous osati Renew. Izi zimachepetsa vuto koma sizilithetsa, popeza 9999 ikadalipo.

Chothandiza kwambiri kwa amene ali ndi makamera angapo ndi kusintha zilembo zoyambirira. Ma Nikon ambiri amalola kusintha zilembo zitatu za DSC pa File naming, Sony pa Set File Name, Fujifilm pa Edit File Name. Pa Canon zimatheka pa makamera akuluakulu monga 5D Mark III ndi 7D Mark II, koma ang'onoang'ono ambiri alibe. Kamera yoyamba itchuleni AA1, yachiwiri BB1. Ikazungulira 9999, sinthani nambala yomalizayo ikhale AA2. Mukakumbukira kuchita zimenezi, dzina silidzabwerezanso. Vuto ndi lakuti kuzungulirako kumachitika pakati pa ntchito, pamene maso ali pa mkwatibwi osati pa menyu, ndiye musadalire njira imeneyi yokha.

Makhadi alembeni ndi cholembera chosafufutika, A kapena B, ndipo lililonse lizikhala mu kamera yake. Khadi lobwereka lifomatidwe mu kamera yanu musanajambule chilichonse, mwini wake atatsimikiza kuti zake anakopera.

Kenako wotchi. Zonse zimene zikubwera m'munsimu zimadalira tsiku ndi nthawi zimene kamera imalemba m'kati mwa chithunzi chilichonse, mu gawo lotchedwa Exif. Kamera ili ndi kabatire kakang'ono kam'kati kosunga nthawi. Ikakhala milungu yambiri yopanda batire lalikulu, kapena kabatireko kakatha mphamvu, tsiku limabwerera pa la kufakitale, ndiye zithunzi za chaka chino zimadzaoneka ngati za zaka zambiri zapitazo. Musananyamuke, linganizani mawotchi a makamera onse ndi foni imodzi, mpaka pa sekondi. Mukaiwala, pali chipulumutso: nthawi ina iliyonse tsiku lomwelo jambulani wotchi ya foni ndi kamera iliyonse. Chithunzi chimenecho chidzakuuzani kuti kamera iliyonse inatsalira kapena kutsogola ndi mphindi zingati.

Dzina limene silingabwereze

Fayilo iliyonse ipatsidwe dzina latsopano kamodzi kokha, ikangolowa mu kompyuta, isanasakanizidwe ndi zina komanso isanatsegulidwe mu pulogalamu yokonzera zithunzi. Dzina labwino limakhala ndi tsiku, nthawi, chilembo cha kamera, ndi dzina lakale lija kumapeto:

20240316_142205_A_IMG_0457.JPG

Chaka chiyambe, kenako mwezi, kenako tsiku, ndipo mwezi ndi tsiku zikhale ndi manambala awiri nthawi zonse: 03 osati 3. Mukayamba ndi tsiku monga timalembera m'makalata, 16-03-2024, kompyuta imaika pamodzi zonse za pa 16 za miyezi yonse ndi zaka zonse. Simungalembenso 16/03/2024 kapena 14:22 chifukwa Windows imakana zizindikiro izi m'dzina la fayilo: \ / : * ? " < > |

Ena amachotsa dzina lakale poti likutalikitsa. Musatero. Kamera ikamajambula motsatizana imatha kutulutsa zithunzi khumi pa sekondi imodzi, zonse n'kukhala ndi 142205. Nambala yakale ija ndi imene imazisiyanitsa n'kuzisunga mu ndondomeko yake. Ndi imenenso imagwirizanitsa RAW (fayilo yaikulu yosakonzedwa yochokera mu kamera) ndi JPEG yake, komanso kukuthandizani kufufuza pa khadi ngati china chasowa. Kasitomala akamasankha zoti zisindikizidwe akhoza kupitiriza kunena kuti 0457, ndipo inu mukasaka mupeza zingapo, koma tsiku likuuzani yake.

Mayina a anthu kapena a mwambo aikeni pa foda, osati pa fayilo: 2024, m'kati mwake 2024-03-16_Ukwati_Zomba. Mawu a pa foda mukhoza kuwasintha mawa popanda kukhudza mafayilo. Kumbukiraninso kuti Windows, fulashi ndi makhadi sizisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: IMG_0457.JPG ndi img_0457.jpg ndi dzina limodzi kwa izo.

Njira ya Windows yosankha mafayilo onse n'kudina F2 ndi yachangu koma yoipa. Imatulutsa Ukwati (1), Ukwati (2), imataya nambala yakale, ndipo ukwati wotsatira udzakhalanso ndi Ukwati (1). Imawerenganso ma JPEG paokha ndi ma RAW paokha, ndiye ngati munafufutako JPEG imodzi, kuyambira pamenepo RAW iliyonse imakhala ndi nambala ya chithunzi china.

Kusintha mayina ndi ExifTool

Mapulogalamu ambiri amatha kutenga tsiku mu Exif n'kuliika m'dzina: Adobe Bridge pa Batch Rename, XnView MP, digiKam, Advanced Renamer, komanso Lightroom Classic pa File Renaming pamene mukulowetsa zithunzi. Onsewa ali bwino. Koma ExifTool, pulogalamu yaulere ya Phil Harvey, ili ndi khalidwe limodzi lofunika pa nkhani ino: posintha dzina silemba pamwamba pa fayilo imene ilipo kale. Ikapeza dzina lofanana imakana n'kukuuzani.

Pa Windows imabwera ndi dzina lakuti exiftool(-k).exe, lisintheni likhale exiftool.exe, ndipo musailekanitse ndi foda ya exiftool_files imene imabwera nayo. Koperani khadi lililonse mufoda yakeyake, mwachitsanzo D:\Zatsopano\KameraA. Tsegulani Command Prompt mufoda imene muli ExifTool n'kulemba:

exiftool -r -d "%Y%m%d_%H%M%S_A_%%f.%%e" "-TestName<DateTimeOriginal" D:\Zatsopano\KameraA

Mawu oti TestName akutanthauza kuti ingoonetsa mayina atsopano osasintha kanthu. Werengani mizere ingapo. Chaka chili bwino? Nthawi ikugwirizana ndi imene mwambo unachitika? Mukakhutira, lembaninso mzere womwewo koma pa TestName muike FileName. Pa kamera yachiwiri sinthani A akhale B, ndi dzina la foda.

Zolakwika zimene zimachitika apa ndi zochepa koma zimabwerezabwereza. Mukayendetsa mzerewu kawiri pa foda imodzi, tsiku limalembedwa kawiri m'dzina, chifukwa %%f amatenga dzina limene lilipo panthawiyo. N'chifukwa chake foda ya Zatsopano izikhala yongodutsamo, zosinthidwa zichoke nthawi yomweyo. Mukasunga mzerewu mu fayilo ya .bat, chizindikiro chilichonse cha % chilembedwe kawiri, apo ayi mayina amatuluka opanda tsiku. Uthenga wakuti No writable tags set ukutanthauza kuti fayiloyo ilibe DateTimeOriginal, nthawi yojambulira ya mu Exif, monga zimakhalira ndi zithunzi za pa WhatsApp ndi mavidiyo ambiri. Yasiyidwa mmene inalili.

Ngati wotchi ya kamera B inatsalira ndi mphindi 7, konzani nthawi musanasinthe mayina:

exiftool -r "-AllDates+=0:07" D:\Zatsopano\KameraB

Nambala yoyamba ndi maola, yachiwiri mphindi; ngati inatsogola, pa += muike -=. ExifTool imasiya fayilo yakale iliyonse ndi mawu oti _original kumapeto, ndiye foda imakula kawiri. Musazifufute mpaka mutaona kuti nthawi yakhala bwino.

RAW, XMP ndi Lightroom

Lightroom ndi Camera Raw, mapulogalamu okonzera zithunzi, sizilemba zokonza zanu m'kati mwa RAW ya kamera. Zikafuna kuzisunga pafupi ndi chithunzi zimaziika mu kafayilo kena ka dzina lomwelo, IMG_0457.xmp pambali pa IMG_0457.CR2. Mukasintha dzina la RAW n'kusiya XMP, ntchito yonse ya utoto ndi kuwala imaoneka ngati yasowa. Choopsa china: RAW ina ya dzina lomwelo ikalowa mufodamo, imatengera zokonza za chithunzi chimene si chake.

Zithunzi zimene zili kale mu Lightroom Classic zisinthidwe mayina m'kati mwa Lightroom momwemo, pa Library kenako Rename Photos. Mukasinthira kunja, pa chithunzi pamabwera kachizindikiro kofuula kosonyeza kuti fayilo sikupezeka, ndipo kuzilumikizanso kumakhala kwa chimodzichimodzi. Bokosi la Don't Import Suspected Duplicates limayerekeza dzina loyamba, nthawi yojambulira ndi kukula kwa fayilo, ndiye lisiyeni lochonga: silikana chithunzi chatsopano chifukwa cha dzina lokha. Malo amene Lightroom imavulaza anthu ndi pa Export. Zithunzi zochokera m'mafoda osiyana zikamapita mufoda imodzi ya kasitomala, pa Existing Files pasakhale Overwrite WITHOUT WARNING.

Mafoni, WhatsApp ndi mavidiyo

iPhone imalemba IMG_0001 monga Canon, imazunguliranso pa 9999, ndiye zithunzi za foni ndi za kamera zimagundana mufoda imodzi. Mafoni ambiri a Android amaika kale tsiku ndi nthawi m'dzina, ndipo sasowa kusinthidwa. WhatsApp pa Android ndi nkhani ina. Dzina ngati IMG-20240317-WA0003.jpg limaonetsa tsiku limene chithunzi chinafika pa foni, osati limene chinajambulidwa, ndipo nambala ya WA imayambiranso tsiku lililonse pa foni iliyonse. Achibale atatu akakupatsani zithunzi za ukwati kuchokera m'mafoni awo, aliyense akhoza kukhala ndi WA0003 ya tsiku lomwelo. Zithunzi zoterezi zimakhalanso zochepetsedwa ndiponso zopanda Exif. Munthu aliyense akhale ndi foda yake, ndipo muwonjezere chilembo chake kutsogolo kwa dzina. Amene akutumizirani zoti musindikize apempheni atumize ngati Document, chifukwa pamenepo fayilo imafika yathunthu ndi dzina lake.

Mavidiyo a Sony sakhala mu DCIM. Ambiri a MP4 amakhala mu PRIVATE, M4ROOT, CLIP ndi mayina a C0001.MP4, ndipo pa makamera akale nambalayo imayambiranso khadi likafomatidwa, kaya menyu ya zithunzi ili pa Series. A mtundu wa AVCHD amayambira pa 00000.MTS. Amene amangokopera DCIM amawasiya mavidiyowa pa khadi osadziwa. Posintha mayina a MP4 ndi MOV gwiritsani ntchito CreateDate m'malo mwa DateTimeOriginal, ndipo yang'anitsitsani zotsatira za TestName: mafoni amalemba nthawi ya vidiyo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, imene imatsalira maola awiri poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi ndi Zambia. Mukaona kusiyana kumeneku wonjezerani -api QuickTimeUTC pa mzerewo. Pulojekiti ya vidiyo imene munayamba kale kudula isasinthidwe mayina mpaka itatha.

Ngati zasakanikirana kale

Yambani ndi kukopera zonse pa hadi diski ina n'kuichotsa pa kompyuta. Kenako dziwani kuti mafayilo ooneka ngati obwereza ali m'magulu atatu, ndipo dzina silingakuuzeni gulu lake. Pali zithunzi zosiyana za dzina limodzi, zimene zonse ziyenera kusungidwa. Pali chithunzi chimodzi chokopedwa kangapo ndi mayina osiyana, monga IMG_0457 (2) ndi IMG_0457 - Copy. Ndipo pali chithunzi chimodzi chimene china ndi chathunthu china ndi chochepetsedwa, chokonzedwa kapena chowonongeka.

Gulu lachiwiri lokha ndi limene mungafufute mosaopa, ndipo limadziwika poyerekeza zam'kati mwa fayilo. Mu dupeGuru, pulogalamu yosaka mafayilo obwereza, sankhani Contents osati Filename. Czkawka ndi AllDup zimachitanso chimodzimodzi. Pa mafayilo awiri okha, lembani certutil -hashfile ndi dzina la fayilo ndi SHA256 mu Command Prompt, pa iliyonse. Mizere iwiri ya manambala ikafanana, ndi fayilo imodzi. Zoti zifufutidwe zisunthireni kaye mufoda ina zikhale mwezi.

Gulu lachitatu limafuna maso. Nthawi zambiri yaikulu ndi imene ili yoyambirira, ndipo mu File Explorer mukawonjezera mizati ya Date taken ndi Dimensions zimaoneka msanga. Musadalire Date created kapena Date modified: yoyambayo imasintha fayilo ikakopedwa, yachiwiriyo ikakonzedwa. Pali msampha wina umene umabwera magetsi akazima pakati pa kukopera. Fayilo imene inali panjira imatsala ndi dzina lake, nthawi zina ndi kukula kwake komwe, koma ikatsegulidwa theka lake ndi lotuwa kapena imakana. Mukayambiranso kukopera n'kudina Skip, mwasunga yowonongekayo. Zikatero fufutani foda yonse ya ntchitoyo mukopere mwatsopano, ndipo musanafomate khadi yerekezani khadi ndi foda mu pulogalamu ya FreeFileSync posankha File content.

Mukamaliza kusefa, yendetsani ExifTool foda ndi foda. Pa zakale zimene simukudziwa kamera yake, chotsani chilembo cha A n'kuika %%-c pakati pa %%f ndi kadontho. Dzina likafanana iwonjezera -1, -2 m'malo mokana.

Chithunzi chimene chalembedwa kale pamwamba

Pa diski pomwepo mwayi ndi wochepa, makamaka pa SSD. Yang'anani kwina. Ngati File History ya Windows, yosunga makope akale a mafayilo, inali yoyatsa, dinani kumanja pa foda n'kusankha Restore previous versions. Google Drive imasunga fayilo yakale kwa masiku 30 pa Manage versions, ndipo OneDrive ili ndi Version history. Drive ili ndi khalidwe lakelake loti mulidziwe: imalola mafayilo awiri a dzina limodzi mufoda imodzi, ndiye kugundana kumadzaonekera pamene mukutsitsira mu kompyuta.

Malo a chiyembekezo chenicheni ndi khadi. Kufomata kwa masiku onse kumangofufuta mndandanda wa mafayilo, zithunzi zimakhalapobe mpaka zina zitalembedwa pamalo pake. Lichotseni mu kamera, tsitsani kaloko ka m'mbali mwa khadi la SD pa Lock, n'kuyendetsa PhotoRec, pulogalamu yaulere yobwezeretsa mafayilo ofufutidwa, imene imabwera limodzi ndi TestDisk. Zopezekazo zisungidwe pa diski ina, osati pa khadi lomwelo. Zimatuluka ndi mayina ngati f0012345.jpg, koma Exif imakhalamo, ndiye mzere wa ExifTool uja umazibwezera tsiku ndi nthawi, ndipo mukhoza kuziyerekeza ndi zimene zili mufoda kuti muone zosowa. Ngati munafomata ndi Low level format ya Canon, kapena mwajambulapo kale mpaka khadi kudzaza, funsani kasitomala ndi malo amene munasindikizitsa ngati anasunga zimene munawapatsa pa fulashi.